Lipoti: masamu a tizidutswa ta pa foni kwa ana otsalira a Sitandade 5 ku Mulanje

Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Mulanje, mbali ya msewu wopita ku Muloza, kumene minda ya tiyi imafika mpaka kuseri kwa makalasi. Lipotili ndi la ntchito imene ndinagwira ndi aphunzitsi anzanga awiri m'chaka cha maphunziro cha 2023/24, yothandiza, kudzera pa timakanema tatifupi ta pa foni timene timatcha tizidutswa, ana a Sitandade 5 amene masamu anawasiya m'mbuyo. Ndalembera makamaka mphunzitsi amene ali ndi kalasi yodzaza ngati yanga, foni imodzi m'thumba, kompyuta alibe. Dzina la sukulu ndi mayina a ana ndawasiya dala.

Ana amene ndinalandira

Ambiri mwa ana amene ndinawalandira mu Sepitembala 2023 anayamba Sitandade 1 mu 2019. Asanazolowere n'komwe kugwira pensulo, sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo a makalasi aang'ono anakhala pakhomo kupitirira theka la chaka. Maphunziro a pa wailesi analipo, inde, koma mwana wa zaka 6 sangakhale phee pa wailesi pamene anzake akumenya mpira wachikulunga pabwalo. Atafika Sitandade 4, mu Malichi 2023, namondwe Freddy anatigwera kuno kum'mwera. Sukulu zinatsekedwanso, makalasi athu ena n'kusanduka mogona mabanja amene nyumba zawo zinagwa. Makope a ana ambiri ananyowa n'kuwola.

Sitandade 5 ndi pamenenso buku la masamu limasintha chiyankhulo. Mwana amene kwa zaka zinayi wakhala akumva "kuchotsera" ndi "kugawa" amangopeza zonse zili m'Chingerezi. Wa maziko olimba amangosintha mawu basi. Wa maziko ogwedera amasenzetsedwa mitolo iwiri pamutu umodzi.

Chaka chomwecho cha 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayambitsa BEFIT, pulogalamu yopereka matabuleti otchajidwa ndi sola m'sukulu za pulayimale. M'matabuletimo muli maphunziro a kuwerenga ndi masamu a bungwe la onebillion, amene anayamba kuyesedwa m'dziko muno mu 2013. Tabuleti imayamba yamuyesa mwana, kenako n'kumupatsa phunziro lolingana ndi pamene wafika. Koma ndi ya Sitandade 1 mpaka 4, ndipo n'zomveka, nyumba imayambira pansi. Kungoti ana anga anali atangodutsa kumene mzere umenewo. Nanga awa?

Kuyesa mwana mmodzimmodzi

Sabata ziwiri zoyambirira sindinalembetse mayeso. Ndinkaitana mwana mmodzimmodzi nthawi yopuma, ine pampando iye pabenchi, pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa ofesi. Njirayi ndinabwereka ku bungwe la Pratham la ku India, limene limayesa mwana pa masitepe ochepa: kuzindikira manambala a 1 mpaka 9, kenako manambala ofika 99, kenako kuchotsera kofuna kubwereka, pomaliza kugawa. Mwana amaikidwa pa sitepe imene waima, osati pa kalasi imene dzina lake lalembedwa. Kalasi yanga inali imodzi m'kaundula, koma ana anamwazikana pa masitepe onse anayi.

Mnyamata mmodzi ndiye lipotili limutsatire kwambiri. Anali wa zaka 14, wamtali kuposa onse, wobwereza makalasi kawiri, ndipo ankakhala ndi agogo ake aakazi. Tsiku la msika ku Limbuli kusukulu sankaoneka, ankakathandiza agogowo kugulitsa zinanazi. Ndinamulembera 52 − 17. Sanachedwe, analemba 45. Ndinamupatsanso 84 − 29, analemba 65. Sikuti ankangolota ayi. Anali ndi lamulo lakelake: pa mzere uliwonse chotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, kaya ili pamwamba kaya ili pansi.

Ndinatseka kope lija.

"Wina wagula zinanazi za K170, wakupatsa K500. Um'bwezera zingati?"

"K330, madamu."

"Wapeza bwanji?"

"Pa 170 ndaikapo 30 kuti ikwane 200. Kuchoka pa 200 kukafika pa 500 ndi 300."

Ndinangoti kakasi. Kuchotsera ankakudziwa, mwinanso mwachangu kuposa ine. Chimene sankadziwa n'chakuti 5 wa mu 52 uja ndi mitolo isanu ya khumi, ndipo mtolo umodzi ukhoza kumasulidwa. Kaluso kamodzi kameneko ndi kamene kanamutsekera njira zaka zonsezi, ife n'kumamulemba kuti ndi wofooka pa masamu. Ndikanangotsata sikimu, ndondomeko ya zophunzitsa za teremu, ndikanayamba kumumangira mafulakishoni pamwamba pa dzenje.

Panalinso mtsikana wina amene ankaimba matebulo onse ngati nyimbo ya kwaya, koma ukamufunsa 7 × 6 ankayambira pa 7 × 1, zala zikuyenda pansi pa desiki. Ena ochepa ankasokoneza 13 ndi 31.

Tizidutswa

Ine ndekha sindikanatha kufotokozera gulu lililonse pa sitepe yake. Ukawerama pa gulu ili, gulu ilo layamba kale kulimbirana pensulo. Apa ndi pamene foni inalowerera. Tinagwirizana zojambula timakanema tatifupi, kalikonse ka luso limodzi lokha, ka mphindi ziwiri kapena zitatu, kuti gulu lina lizionera pamene mphunzitsi ali ndi lina. Dzina lakuti tizidutswa anatipatsa ndi anawo.

Kajambulidwe kake n'kosavuta. Tinatenga katoni ya sopo, n'kuboola pamwamba kabowo ka kamera, n'kudula mbali imodzi kuti manja ndi kuwala zizilowa. Foni imagona pamwambapo chafufumimba. Pansi timayala pepala loyera, timitengo tomanga khumikhumi ndi mphira wa chubu cha njinga, ndi zitsekerero za mabotolo, zomwe zija za TALULAR (kuphunzitsira zinthu zopezeka pafupi) tinaphunzira ku koleji. Nkhope siioneka, amaoneka ndi manja okha. Tinachita dala, chifukwa nkhope ikaoneka ana amayamba kukambirana za tsitsi ndi chitenje cha madamu, komanso kachidutswako kamasanduka ka mphunzitsi ameneyo. Manja ndi a aliyense. Timayankhula Chichewa, ndipo liwu la Chingerezi la luso limenelo timalitchula kamodzi kumapeto, litalembedwa papepala. Tinkajambula Loweruka m'mawa, ndipo adani athu anali awiri: tambala wa a hedi ndi thalakitala ya ku esiteti. Kachidutswa ka kumasula mtolo tinakabwereza kanayi chifukwa cha tambala ameneyo.

Kachidutswa kalikonse kali ndi khadi lake lodula pa katoni, la masamu asanu. Ine ndimasunga pepala lalikulu, mayina a ana kumanzere, maluso pamwamba, ndipo mwana akadutsa luso ndimachonga. Mafoni anali atatu: yanga yakale yosweka galasi, ya mnzanga, ndi ina yogwiritsidwa kale ntchito imene amayi a mother group anagula atagulitsa nandolo wa m'munda wa sukulu. Tinkatchaja kunyumba kwa a hedi kumene kuli sola. Bandulo sitinkafuna, tinkangotumizirana pa Bluetooth. Tinkakumana masiku atatu pa sabata, mphindi 40 tikaweruka, kuti sikimu ya m'mawa isasokonekere.

Cholakwa choyamba: mayina a mafayilo

Poyamba tinatchula tizidutswa potsata kalasi imene luso limaphunzitsidwa: "Std 2 kuchotsera", "Std 3 kuchulukitsa". Kwa ife aphunzitsi zinali zosavuta kupeza. Tsiku lachiwiri ndinapatsa gulu la mnyamata uja foni, iye ndiye anaigwira popeza anali wamkulu. Anangowerenga dzina la fayilo, n'kuiika foniyo pansi. Mnzake wa gulu lina anasuzumira, n'kukuwa kuti wabwerera ku infanti. Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Mnyamatayo sanayankhe, anangoti ndwii, ndipo masiku atatu otsatira sanabwere, ngakhale m'mawa.

Mlandu unali wanga. Ndinamuyesa mwakachetechete pansi pa mango kuti asachite manyazi, kenako ndekha n'kumulembera manyaziwo pa galasi la foni. Madzulo omwewo tinasintha mayina onse. Kalasi tinaichotsamo, n'kusiya dzina la luso monga manja amachitira: "kumanga mtolo", "kumasula mtolo", "kudumpha pa mzere", "kugawira mbale". Tinayesanso kutcha magulu mayina a m'phiri, Likhubula, Chambe, Lichenya mpaka Sapitwa, koma ana anazindikira msanga kuti ndi makalasi omwe aja atavala malaya ena. Wina anatinso, "Madamu, ku Sapitwa n'kosapitidwa, ndiye mukutitumizako bwanji?" Tinazisiya. Magulu anatsala opanda mayina, ndipo ankasintha sabata iliyonse malinga ndi luso limene mwana ali nalo.

Kusinthaku kunabala chinthu chimene sitinachiyembekezere. Ana a Sitandade 7 anayamba kubwera okha kudzapempha "kumasula mtolo", zimene sakanachita pakanalembedwa Std 2.

Mnyamata uja ndinamutsatira kwawo. Agogo ake anandiyalira mphasa, ndipo nditafotokoza anati, "Aphunzitsi, mwanayu ndi wamanyazi ngati malemu bambo ake. Mukam'seka pagulu ndiye mwam'taya." Anabwera Lolemba. Ndinam'patsa udindo wosunga timitengo ndi kumanganso mitolo tikamaliza, ndipo ndikukhulupirira kuti kumanga ndi kumasula kwa tsiku ndi tsikuko kunam'thandiza mofanana ndi kanema yemweyo.

Cholakwa chachiwiri: mitengo ya zinthu

Popeza ndinaona kuti ana amaganiza bwino ndi ndalama, tizidutswa tambiri toyamba tinatidzaza ndi mitengo ya pa golosale: sopo, shuga, mafuta ophikira, makope. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo pasanathe mwezi mitengo yonse ya m'timakanema tathu inasanduka nthano. Ana analeka kuwerengera, n'kuyamba kutsutsana ndi foni. "Madamu, shuga wa mtengo umenewo akugulitsa kuti? Tiuzeni tikawauze amayi." Mphindi khumi zinkathera pamenepo.

Apa ndi pamene ndinamvetsa tanthauzo la phunziro logwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza. Si nkhani yongojambula kamodzi n'kusunga. Pamafunika kulekanitsa chimene chimasintha ndi chimene sichisintha. Kumasula mtolo wa khumi sikudzasintha ngakhale kwacha itagwa kangati, choncho kumeneko ndi kwa mu foni. Mtengo wa shuga, dzina la msika, nyengo ya chaka, zimenezo ndi za pa khadi, zolembedwa ndi pensulo kuti zifufutike. Tinajambulanso tizidutswa tonse ta ndalama, tsopano manja akusuntha timapepala tolembedwa 100, 50, 20 ndi 10 popanda kutchula chogulidwa. Nkhani ya chogulidwayo mphunzitsi amaikamo yekha tsiku limenelo. Ntchito yobwerezayi inatidyera Maloweruka atatu amene tikanajambula zatsopano.

Nyengo ya mvula

Kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo tiyi amaphuka kwambiri, makolo amalawirira kukathyola, ndipo ana okulirapo amatsala akulera ang'ono awo. Mitsinje yochokera m'phiri ikadzaza, a kutsidya sawoloka. Chaka chimenecho kunalinso ng'amba ya El Niño, imene inachititsa boma kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Phala la kusukulu limamwedwa m'mawa, ndiye pofika nthawi yathu ya masana ana ena ankangogona pa desiki. Kalasi ya masana inachepa kwambiri, ndipo mu Febuluwale tinaifupikitsa.

Komabe m'nyengo yomweyi ndi mmene njirayi inaonetsa ubwino wake. M'kalasi ya m'mawa, mwana akajomba sabata imodzi amapeza anzake atatembenuza masamba, ndipo zimene zam'dutsa zam'dutsa. Masana, wojomba ankabwerera pa luso lomwe anasiyira. Ndinkangoyang'ana pepala langa lija, n'kumuuza kachidutswa koti atsegule.

Zopititsa tizidutswa kunyumba ndiye zinatikanika. Pa sitolo pali mnyamata amene amaikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mamemore khadi, ndipo anavomera kutichepetsera mafayilo kuti azisewera ngakhale pa kafoni ka mabatani. Tinauza makolo kuti akhoza kukaikitsa ulere. Ochepa anapita. Koma foni ya pakhomo imakhala m'thumba la bambo kapena malume amene ali ku esiteti tsiku lonse, ndipo madzulo batire yatha. Kwina khadi linadzaza, tizidutswa n'kufufutidwa kuti nyimbo zilowe. Agogo a mnyamata uja anabwera okha kudzandifunsa ngati ndi ine ndinam'patsa mdzukulu wawo mafilimu. Nditawaonetsa manja akumasula mtolo anaseka, nati, "Ooh, ndi nkhuni zimenezi?" Kuyambira pamenepo anam'lola kubwereka foni ya malume ake Lamulungu. Pakhomo pamene zinayenda bwino ndi pokhapo ndi pena pamodzi.

Zimene ndinaphunzira kwa telala

M'teremu yachiwiri telala wina wa pa sitolo, amene amaphunzitsa atsikana atatu osiyira sukulu panjira, anamva za kachidutswa kathu ka kuwerenga rula ndipo anakapempha. Patatha masiku anabwera nako. Kathu kanali ka masentimita, pamene iye amayeza ndi mainchesi, ndipo timizere ta pakati pa inchi sitigawika khumi. Tinakadula pawiri: koyamba kongosonyeza kuti kuyeza kumayambira pa 0 osati pa 1, ndi kuti umawerenga mipata osati timizere, kachiwiri ka masentimita okha. Koyambako kanagwira ntchito kwa atsikana ake, kwa ana anga, ndiponso kwa Sitandade 3. Kachidutswa kakachepa ndi pamene kamalowa malo ambiri.

Koma chachikulu chimene ndinatenga kwa bamboyo ndi kayesedwe. Ndinawafunsa kuti amadziwa bwanji kuti wophunzira wadutsa. Anati sam'patsa nsalu mpaka atasoka mzere wowongoka pa thumba la simenti iwo akuona, lero, mawa, ndi sabata ya mawa. Ndi mfundo yomwe ija TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, imayendera pa maphunziro a ntchito zamanja: munthu amadutsa akaonetsa kuti akutha kuchita, osati chifukwa miyezi yakwana. Ine kufikira nthawi imeneyo ndinkachonga mwana akangokhoza masamu asanu a pa khadi, ndipo ena ankakopera kwa anzawo kapena kuloweza mayankho. Ndinasintha. Tsopano mwana amachita ndi timitengo pamaso panga akufotokoza ndi pakamwa, ndipo ndimachonga ndi pensulo. Pakatha sabata ndimam'patsa samu ina mwadzidzidzi, akakhoza ndiye ndimachonga ndi bolopeni. Michongo yambiri ya pensulo inafufutidwa mwezi woyamba, zimene zinandiwawa koma zinali zoona.

Kugawana ndi sukulu zina

Pa msonkhano wa ku TDC, malo amene aphunzitsi a zoni imodzi amakumanirako, aphunzitsi a sukulu zina anatenga tizidutswa pa Bluetooth, ena kudzera pa gulu la WhatsApp la zoni. Wina anafunsa ngati akhoza kudula ndi kuikamo mawu ake. Mnzanga amene amakonda kuwerenga anatiuza za ziphaso za Creative Commons, zimene mwini chinthu amalolezera ena kuchigwiritsa ntchito, ndi zoti mu 2019 mayiko a UNESCO anagwirizana zolimbikitsa zipangizo zophunzirira zimene aliyense angatenge, kusintha ndi kugawa. Ife tinangoika kapepala koyambirira kwa kanema aliyense konena kuti aliyense ndi wololedwa kugwiritsa ntchito ndi kusintha, koma asagulitse. Tinayang'anakonso Kolibri, pulogalamu ya Learning Equality imene imagwira popanda intaneti ndipo imasunga yokha pamene mwana wafika. Imafuna kompyuta kapena chipangizo china chosungira zonse, chimene ife tilibe, choncho pepala langa ndi pensulo zikugwirabe ntchito imeneyo.

Pamene ana anafika

Amene anapindula kwambiri ndi a pakati, amene ankasowa kaluso kamodzi kapena tiwiri. Mnyamata uja anadutsa kumasula mtolo m'teremu yachiwiri, ndi bolopeni. Kenako anakakamira pa 403 − 168, pamene woti um'bwereke alibe kanthu ndipo uyenera kupita khomo lachitatu. Kachidutswa ka zimenezo tinalibe, ndinam'fotokozera pamanja ndi mitolo ikuluikulu ya 100. Kugawa kwa manambala atatu sanafikeko. Pa mayeso a kumapeto kwa chaka masamu a manambala okha anakhoza bwino, koma a nkhani, olembedwa m'Chingerezi, anawasiya osayankha. Nditamuwerengera funso limodzi m'Chichewa tsiku lotsatira, anayankha ndisanamalize. Anakwera kupita Sitandade 6, movutikira.

Mtsikana wa matebulo uja anali atayamba kumvetsa kuti 7 × 6 ndi 7 × 5 kuwonjezapo 7, koma mu Epulo anasamuka ndi mayi ake kupita ku Milange, kutsidya kwa malire. Mzere wake pa pepala langa unathera pakati.

A pansi penipeni, osokoneza 13 ndi 31, foni sinawathandize. Ankayang'ana manja akuyenda, kanema n'kutha, iwo osatolapo kanthu. Amenewa ankafuna ine nditakhala nawo pamphasa, kugwira dzanja lawo, kubwereza kakhumi. Phindu la mafoni kwa iwo linali lakuti anandimasula kwa magulu ena kuti ndikhale nawo. Mmodzi wa iwo ndinazindikira mochedwa kuti ankasendeza foni mpaka pamphuno. Ndinauza makolo ake kuti apite naye kuchipatala akamuone maso, ndipo ndinam'sunthira kutsogolo. Ndikanayenera kuona zimenezi pansi pa mango paja mu Sepitembala, choncho tsopano poyesa mwana ndimayamba ndi kum'sonyeza nambala ili patali.

Mafoni atatu aja atsala awiri, ya amayi ija batire inatupa. Tizidutswa timene tikukonza tsopano ndi ta mitundu iwiri: ka 0 wa pakati kamene kanam'gwira mnyamata uja, ndi ta mawu a Chingerezi a m'mafunso a nkhani, liwu limodzi pa kachidutswa, manja akusonyeza chimene liwulo likulamula. Katoni yojambulira inadyedwa ndi chiswe patchuthi, ndipo kalipentala wa pafupi ndi sukulu wavomera kutikhomera ya matabwa, malinga tim'patse kachidutswa ka kuyeza kaja kuti aonetse anyamata ake.